Mawu a Mwamuna Wina Pakamwa Panga

Tokyo, 14 Epulo 1929

Mitsu, make Toyo,

Landira moni wanga, upatsekonso amayi ndi kamwana kathu. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limandivutabe kukazizira. Ndikhulupirira kuti chisanu chasungunuka kwathu ku Sakata ndipo denga la kukhitchini silinakugwereni.

Khala pansi ndikuuze zachilendo. Nkhope yanga ija unkati imathawitsa amphaka ndi imene yayamba kutidyetsa. Ukudziwa kuti kuno ku kampani yojambula kanema ntchito yanga inali yosenza matabwa ndi kumanga tinyumba tabodza topanda kumbuyo. Tsiku lina ndikudutsa ndi thabwa paphewa, mkulu wojambulitsa, bwana Horikiri, anandikuwira.

"Iwe wamatabwa, tatembenuka! Mayo ine. Nkhope imeneyi unakagula kuti?"

"Anandipatsa ndi kavalo, bwana. Ulere."

"Kavalo ameneyo ukamuthokoze. Taya thabwalo, vala chipewa ichi."

Basi, ndinasanduka chigawenga. Masiku ano anthu a mumzinda atopa nazo za malupanga ndi mafumu akale. Akufuna mbava za m'tauni, mfuti, magalimoto ndi apolisi ofufuza. Ntchito yanga ndi kuima pakona ndi mpeni, kuyang'anira pansi pa chipewa, kenako kuwomberedwa. Ndimafa bwino, Mitsu. Bwana akuti ena amagwa mosankha pogona, koma ine ndimagwa ngati thumba la mpunga.

Amene amandiwomberayo ndi kamnyamata kosalala nkhope, dzina lake Ayabe. Sadziwa n'kugwira mfuti komwe, amatsinzina ikamalira. Koma iyeyo amachita kumugwirira ambulera, ndipo pachipata pamadzaza atsikana ndi maluwa. Ine ndikadzuka m'matope palibe wondipatsa ngakhale kansanza. Zimandiwawa, sindibisa, koma ndimangomeza.

Ndatumiza ndalama, mayeni asanu ndi atatu. Amayi uwagulire mankhwala a chifuwa, Toyo nsapato zamatabwa, zotsalazo za mbewu. Munda wa kumtsinje usabwereke aliyense, ngakhale achemwali anga a Fusa adandaule bwanji. Kanemayu akuti afika kumeneko mukamakolola. Udzapite ukandione, ndipo usakaphethire, chifukwa sindikhalitsa.

Ndine mwamuna wako,
Kumezo


Tokyo, 22 Novembala 1929

Mitsu,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha amayi chachepa komanso kuti mpunga unacha bwino. Ine ndili bwino. Andichotsa ku matabwa, tsopano dzina langa lili pa mndandanda wa ochita sewero, kumunsi kwenikweni, koma lilipo.

Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda, ndipo pali pamene sindikumvetsa. Ukuti unalira pamene ndinagwa n'kunena kuti, "Mukamuuze mkazi wanga asandidikire pamlatho, kukuzizira." Mitsu, mawu amenewo ine sindikuwadziwa. Kanema salankhula, iwe ukudziwa. Ife pamaso pa kamera timangotafuna milomo, kunena zilizonse zimene zabwera. Pamalo pamenepo ndikukumbuka bwinobwino, ndinkati, "Fulumirani bwana, nyerere zandilowa m'buluku." Mawu amene inu mumamva ndi a wolankhulira, uja amaima pambali pa chinsalu n'kumasinthasintha mawu, apa nkhalamba, apa mtsikana. Kampani imamutumizira pepala la nkhani pamodzi ndi kanemayo, ndipo papepalapo analemba kuti chigawengacho chinafa chikutukwana. Nanga mlatho wachokera kuti? Mkazi wachokera kuti?

Yankho landipeza m'kalata ya a Fusa. Akuti wolankhulira wa kunyumba ya kanema ya kumsika tsopano ndi Yasaburo. Yasaburo! Mwana wa mayi uja wogulitsa tofu, chakudya chija cha soya, amene tili kusukulu ankalira akangoona chule. Yemwe uja anakunyamulira mtolo pa chikondwerero cha padoko, amene amalume ake anafika kwanu kudzafunsira mbeta n'kupeza athu atadutsa kale. Ndamva kuti akuvala jekete la chizungu, tsitsi analipaka mafuta, ndipo akukana kumutchula mwana wa tofu.

Poyamba ndinaseka mpaka mnzanga wogona naye chipinda anandifunsa ngati ndamwa. Kenako ndinawerenganso pamene walemba kuti unapitako katatu. Kufa kwanga n'kumodzimodzi, Mitsu. Sindisintha kagwedwe pakati pa Lachiwiri ndi Lachisanu. Unkabwerera chiyani? Sindikunena kanthu ayi, ndikungofunsa.

Kuno makala akwera mtengo moti tikuwotha mosinthana ndi anthu a chipinda cha pafupi. Ndatumiza mayeni khumi. Uitane mwana wa a Sugawara adzachirikize denga chisanu chisanalimbe, ndipo umulipire ndi mpunga, ndalama angomwera. Ndiwo za mumchere uviike zambiri, mwina chaka chatsopano ndidzadyera kumeneko bwana akalola.

Toyo umugwire mutu m'malo mwanga.

Kumezo


Tokyo, 9 Julaye 1930

Mitsu,

Ndikupatsa moni, iwe ndi onse. Ine thupi lili bwino, kungoti kukutentha ndipo nyali zojambulira zikundiwotcha maso. Pepa kuti chaka chatsopano sindinabwere. Pa Bon, chikondwerero chokumbukira makolo amene anatisiya, sindibweranso, ukayatse zofukiza pamanda pa abambo m'malo mwanga.

Ntchito ikuyenda. Ndafa kale pa njanji, padoko, m'chitsime, ndiponso kugwa kuchokera padenga la nyumba yosungira katundu. Sindilinso woima pakona chabe. Tsopano ndine dzanja lamanja la mkulu wa zigawenga, amene amatumidwa zikavuta. Mayi wolandira ndalama kubafa la anthu onse akandiona amakokera kabokosi kake pamiyendo. Dzana m'sitima ya mumzinda gogo wina anandiyang'anitsitsa, kenako anaimirira.

"Ndiwe! Ndiwe unapotokola khosi mayi wamasiye uja! Ulibe amako iwe?"

"Agogo, ndi sewero chabe lija."

"Sewero lachiyani? Ndinaona ndi maso angawa! Anthu inu, samalani zikwama!"

Anandimenya ndi ambulera paphewa, anthu onse n'kusunthira mbali ina. Nditawauza bwana Horikiri anaseka chikhakhali, akuti, "Amenewo ndiwo malipiro ako enieni, Kumezo. Ayabe amalandira maluwa, iwe ambulera. Tsiku limene adzasiye kukumenya udzabwerere ku matabwa." Ndinayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Ndiye taganiza mmene ndinamvera nditawerenga za kanema yemweyo m'kalata yako. Ukuti kumeneko ndinapha mayi uja chifukwa mwana wanga ankadwala, ndipo nditatha ndinati, "Ndikhululukireni mayi, dzanja ili si langa, ndi la njala." Ukuti nyumba yonse inalira. Yasaburo ameneyu ndani anamutuma? Ine ndinakhala mlungu wathunthu ndikuphunzira kumwetulira koipa kuja pagalasi. Tokyo yense akundilavulira, iye akundisandutsa wopemphetsa. Akundiwonongera ntchito, munthu ameneyo.

Koma chimene chandisowetsa tulo si chimenecho. A Fusa alemba kuti ku Sakata chigawenga chilichonse chimene ndimasewera chimakhala ndi mkazi, ndipo chikamafa chimamutchula. Akuti mwezi watha ndinafa ndikuitana "mkazi wanga wa kadontho kuseri kwa khutu." Mitsu, kadontho kameneko ine ndinakaona titakwatirana kale. Iye anakaona liti? Alembanso kuti kumbali ya akazi iwe umakhala pamzere woyamba, cha kumene iye amaima, ndipo umasamba n'kupesa bwino ngati wopita ku ukwati.

Ndili ndi nsanje, inde. Ndanena, usachite kundifufuza. Munthu akufunsira mkazi wanga pamaso pa tauni yonse, pakamwa akugwiritsa panga, ndipo ine ndi amene ndikutumiza ndalama yolowera pakhomo. Usapitekonso. Ukafuna kundiona, chithunzi changa ndi ichi ndaika m'kalatamu, upachike pafupi ndi cha abambo. Chimenechi sichilankhula.

Za nkhuku zimene zikufa, ugulitse zotsalazo zisanathe.

Kumezo


Tokyo, 3 Febuluwale 1931

Make Toyo,

Moni. Ndikhulupirira kuti mukupirira chisanu ndipo amayi akudya. Ine ndinagona masiku angapo ndi chimfine koma ndadzuka.

Wandiyankha mokalipa, ndamva. Ukuti kadontho kako amakadziwa aliyense amene anaimapo kumbuyo kwako pamzere wogula nsomba, ndipo ine ndekha ndi amene ndinachedwa kukaona. Chabwino, imeneyo wandigwetsa. Ukuti pamzere woyamba umakhala chifukwa Toyo ndi wamfupi. Chabwino. Koma ndinakuletsa kupita, ndipo wapitabe, mwana ali kumanja.

Ukuti, "Mukadabwera ngakhale kamodzi, bwenzi mwana akudziwa kumene mawu a atate ake amachokera." Ukuganiza kuti sindifuna? Kuno kwabwera chimunthu china, chinali cha masewera ogwetsana, khutu linang'ambika, khosi palibe. Bwana akachiyang'ana maso ake amawala mmene anawalira tsiku lija la thabwa. Ndikachoka mlungu umodzi ndidzapeza chitavala chipewa changa. Anthu akuchotsedwa ntchito mwezi ndi mwezi. Pali zinanso, koma si zolemba m'kalata.

Tsopano za kapepala kamene unapinda mkati. Sindinadziwe kuti Toyo wayamba kulemba. Zilembo zake zikuyenda chammbali ngati nkhanu, koma ndinawerenga. "Atate, mawu anu ndi okoma. Mukamafa ine ndimatseka maso koma ndimamvetsera."

Ndinawerengera kukantini, anthu akudya. Ndinadzuka osamaliza chakudya n'kukaima kuseri kwa kanyumba kabodza. Mwana ameneyu ndinamusiya akuyamba kumene kulumikiza mawu. Mawu anga sakuwakumbuka. Amene akuti atatewo ndi nkhope yanga yokhala ndi lilime la mwana wa tofu. Za iwe ndinkatha kudziuza kuti ndiwe wamkulu, ukudziwa kusiyanitsa. Nanga mwana? Wandilanda mwana ine ndili moyo, ndikugwa m'matope kuti mwanayo adye.

Choncho dzulo ndinapita ku ofesi imene imabwereketsa makanema athu m'matauni. Ndinawauza kuti ku Sakata kuli wolankhulira amene akutaya pepala la kampani n'kumapeka zake. Kalaliki anati, "Onse amathirako mchere, akulu, ndi ntchito yawo." Ndinati uyu sakuthira mchere, akuphika zina. Atamva kuti akusandutsa zigawenga kukhala anthu omvetsa chisoni anasiya kuseka, chifukwa zimenezo apolisi sazifuna, ndipo chilolezo cha wolankhulira chimachokera kupolisi. Akuti amulembera mwini nyumba ya kanema.

Usandiyang'ane choncho, ndikukuona ngakhale ndili kuno. Ndangofuna kuti anene zimene zinalembedwa, basi.

Ndatumiza mayeni asanu ndi awiri, mwezi uno zachepa. Toyo umugulire kope ndi pensulo.

Kumezo


Tokyo, 18 Okutobala 1931

Mitsu,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Toyo, ngati angaulandire. Ine ndili bwino. Miyezi yonseyi ndinkatumiza ndalama, iwe n'kumangoyankha mizere iwiri ya mpunga ndi nkhuku. Tsopano walemba zambiri, ndipo bola mizere iwiri ija.

Ukuti Yasaburo anaitanidwa, anauzidwa kuti asankhe pakati pa pepala la kampani ndi chilolezo chake, ndipo anasankha pepala. Ukuti kanema wathu watsopano, momwe ine ndimatentha nyumba, anamulankhulira mmene analembedwera, osachotsa kapena kuwonjezera, ndipo mawu amene anandipatsa anali oti ngakhale amuna anachita mantha. Ndiye kuti amaitha ntchito, mwana wa tofu. Sindinadziwe.

Za Toyo ndawerenga kamodzi kokha, sindingathe kubwereza. Kuti anathawa pakati pa kanema opanda nsapato. Kuti kusukulu akumutcha mwana wa wotentha nyumba, ndipo mkazi wa wogulitsa mpunga waletsa ana ake kusewera naye. Kuti chithunzi changa anachitembenuzira kukhoma yekha, atakwera pa mtondo. Ndipo iwe pansi pake walemba kuti, "Munafuna kuti anthu azikuopani. Akukuopani tsopano, kuyambira m'nyumba mwanu."

Umuuze kuti ndi sewero. Umuuze kuti moto uja unali wa mapepala, ndipo nkhalamba imene ndinaikankhira pansi ija timadya limodzi masana, imandibera nsomba m'mbale. Anthu a ku Sakata nawonso ndi ogona, kanema amuona zaka zingati osadziwabe kuti ndi bodza? Ana amenewo ndikadzabwera ndidzawakoka makutu mmodzimmodzi.

Ukuti Yasaburo anayamba kundifewetsa tsiku loyamba lomwe, ataona mwana ali pamiyendo pako akuloza chinsalu n'kumati atate, atate. Ukuti chinali chifundo. Mwina. Koma m'makanema athu muli zigawenga zambiri, ndipo zonse zili ndi ana kwawo. Bwanji chifundo chake chinagwera pakhomo panga pokha? Bwanji chifundocho chinkadziwa mlatho umene iwe umadutsa popita kumsika? Ine si mwana, Mitsu. Ndipo iwe ukumuikira kumbuyo ndi mawu ambiri kuposa amene unandilemberapo chaka chonse chino. Ndawaona.

Mitima pansi. Zimenezi zitha posachedwa. Kampani yagula makina ojambula ndi mawu omwe, akumanga chinyumba chopanda mawindo kuti phokoso lisalowe. Chaka chamawa kanema azidzalankhula yekha. Sipadzafunikanso munthu woima pambali ndi tsitsi lamafuta. Toyo adzamva mawu a atate ake enieni, ndipo ndidzapempha bwana andipatse malo amene ndidzanene kanthu kabwino.

Mpunga wa chaka chino usagulitse msanga, mtengo uli pansi. Dikira mpaka chisanu.

Kumezo


Tokyo, 27 Meyi 1932

Mitsu,

Moni nonse. Ndili bwino ndithu, usamvere za a Fusa zoti ndaonda. Sanandione, angomva kwa munthu wa pasitima.

Olankhulira a kuno awachotsa ntchito ambirimbiri. Ndinawaona akuguba mumsewu ndi zikwangwani, majekete awo a chizungu atachita fumbi, akufuula ndi mawu awo okoma aja. Ndinaima pambali ndikudya mbatata yootcha, ndipo ndikuuze zoona, inandikomera kwambiri.

Kanema wathu woyamba wolankhula tajambula. Tsiku loyesa mawu anandiimika pansi pa kachitsulo komvera, n'kundipatsa pepala. Ndinangoti, "Bwana akukufuna kudoko," woyendetsa makinawo anavula zomvera m'makutu, akugwira mimba. Onse anagwa nacho chiseko, mpaka Ayabe anachita kukhala pansi.

"Kumezo," anatero bwana Horikiri akupukuta misozi, "zaka zonsezi sindinamvetsere bwino. Ukupha munthu kapena ukutsatsa nsomba zouma?"

"Ndi mmene timalankhulira kwathu, bwana."

"Kwanu muzilankhula choncho, kuno ayi. Chigawenga cha mu Tokyo sichilankhulira m'mphuno."

Mawu anga onse anapatsa wa khutu long'ambika uja, iye anabadwira konkuno. Ine anati ndikhale wosalankhula, wongotsegula zitseko ndi kunola mpeni. Ndinawatsata mpaka kugalimoto, chipewa chili m'manja. Ndinati bwana, mzere umodzi wokha, ndili ndi mwana kumudzi sanandimvepo. Anandimvera chisoni, anandipatsa. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kobedwa, ndipo ine ndimakalondera m'nyumba yosungira katundu. Kakayamba kulira ndimawerama n'kunena kuti, "Ukalira ndikudula khosi."

Ndinapempha kuti ndinene zina. Anati, "Ukufuna unene chiyani, ndakatulo? Tenga kapena siya." Ndinatenga. Ndinayeserera mpaka mawu a kwathu anachoka onse, ndipo ndinanena bwino moti kamtsikanako kanalira zenizeni.

Ntchito yachepako masiku ano, choncho pa Bon ndibwera. Ulendo uno ndi zoona. Usaphe nkhuku, usauze anthu ambiri. Ndamugulira Toyo kansalu kofiira ka m'tsitsi. Ndalama mwezi uno palibe, ndasungira ya sitima.

Kumezo


Tokyo, 11 Sepitembala 1932

Mitsu, make Toyo,

Ndinafika bwino, ndipo ndikupatsa moni iwe, amayi ndi mwana. Bondo linatupa m'sitima koma laphwa. Kuno ndikugwira mbali ziwiri tsopano, m'mawa matabwa, masana kugona pansi ngati mtembo akafuna mtembo. Usadandaule, ndalama izibwera.

Masiku amene ndinali kumeneko sindinalankhule zambiri, unaona wekha. Ndinkaopa pakamwa panga. Ndilembe pano zimene zinandikanika.

Pamene ndinalowa pakhomo n'kunena kuti, "Toyo, ndine atate ako," iye n'kubisala kumbuyo kwako, sindinadabwe. Nkhope iyi ndi ntchito yake imeneyo. Chimene chinandilasa ndi chimene anakunong'oneza, ankaganiza kuti sindikumva. "Amayi, si iwo. Mawuwo si awo. Atate abwino aja ali kuti?" Kansalu kofiira kaja analandira chifukwa unamutsina. Mpaka tsiku lonyamuka ankandipatsa mbale atatambasula mkono wonse, thupi lili kutali.

Tsiku lija ndinati ndikukaona munda wa kumtsinje ndinanama. Ndinapita kwa Yasaburo, ndipo ndinapita kuti ndikamumenye. Ndinamupeza kuseri kwa kasitolo ka amake, atavala malaya amkati okha, akukhomerera kabokosi kumbuyo kwa njinga. Waonda, tsitsi layamba kuthothoka. Anandiyang'ana osadzuka n'komwe.

"Aa, afika achigawenga. Mwabwera kudzandipha? Mukadaima kaye pakona, muvale chipewa, kuti ndidziwe polankhulira."

"Usandiseke, mwana wa tofu."

"Wa tofu ndine, inde. Jekete ndinagulitsa. Makina anu olankhula afika mwezi wamawa, mwini nyumba wandiuza kale kuti zikomo. Ndiziyenda ndi kabokosi aka m'misewu, kuonetsa ana zithunzi za pamapepala n'kumawagulitsa maswiti. Wasangalala?"

Ndinati ndasangalala. Kenako ndinamufunsa chimene ndinapitira. Ndinati andiuze pamaso panga ngati mkazi wanga ankamufuna. Anaika hamala pansi.

"Ndinkamufuna, nanga ndibisirenji? Ndinamufuna iwe usanadziwe n'komwe kuti amakhala nyumba iti. Zonse zimene ndinali nazo mumtima ndinazinena m'nyumba ya kanema ija, iye ali pamzere woyamba, pafupi moti ndinkamva akupuma. Ukudziwa kumene ankayang'ana? Pa chimphuno chako chophwanyikacho. Ine ndikutulutsa mtima, iye akulirira iwe. Sanatembenukepo kuyang'ana kumene mawuwo akuchokera, ngakhale kamodzi. Kanema akatha amandiweramira n'kuti, zikomo a Yasaburo, lero bambo ake a Toyo alankhula bwino. Ndiye wabwera kuno ndi zibakera, ukuti uli ndi nsanje. Iwe nsanje ukuidziwa?"

Sindinamumenye, Mitsu. Ndinamugwirira njinga mpaka anamaliza kukhoma, kenako ndinachoka. Sindinamukhululukire ndipo sindimukonda. Zimandiwawabe kuti mawu amene unalirira sanali anga, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale bwana akadandipatsa pepala lopanda kanthu kuti ndilembe ndekha, za mlatho zija sindikadaziganiza. Ndi chimene ndimamudera kwambiri.

Tsopano mvera malangizo. Kanema woyamba amene adzaonetse ndi makina atsopanowo ndi wathu uja wa kamtsikana kobedwa. Toyo asapiteko. Ngakhale anzake onse apite, ngakhale alire, asapiteko. M'menemo ndi mokhamo muli mawu anga enieni, ndipo sindifuna kuti awazindikire. Iwenso usapite.

Mpunga ukolole msanga, akuti kubwera mphepo yamkuntho. Amayi uwagulire bulangeti lina. Pa ndalama ndatumizazi upatule tindalama tating'ono uike m'kambale pakhomo. Njinga ija ikamadutsa mumsewu wathu, umupatse Toyo seni imodzi ya switi, apite akamvere. Akhale kutsogolo, ndi wamfupi.

Koma iwe ukhale m'nyumba.

Ndine mwamuna wako,
Kumezo